Kutseka Bowo Lotsala pa Rediyeta ya Galimoto

M'kabuku kano tikambirana za galimoto. Mwina munena kuti, "Ine ndilibe galimoto, nanga nkhaniyi ikundikhudza bwanji?" Dikirani pang'ono. Mbatata ya ku Tsangano siyenda yokha kupita ku Blantyre. Tomato ndi kabichi wa pa Lizulu sayenda yekha. Feteleza amabwera pa galimoto. Wodwala amapita ku chipatala pa galimoto. Tsono galimoto ikafa pa njira, wovutika si mwini wake yekha ayi. Tonse timavutika.

Ena a inu muli ndi ana amene akuphunzira umakaniko. Ena ndinu oyendetsa kapena othandizira pa minibasi ndi pa lole. Ena mwasonkha ndalama pa kalabu kuti mugule kagalimoto konyamulira zokolola. Nkhani ino ndi yanu. Ndi nkhani ya kabowo kakang'ono kamene kangathe kupha injini yaikulu.

Zimene ndinaona pa msewu wa ku Tsangano

Chaka china, m'mwezi wa Novembala, ndinakwera matola kuchokera pa boma la Ntcheu kupita ku Tsangano. Galimotoyo inanyamula matumba a feteleza a kalabu ina ya alimi. Mwini galimoto anali wokondwa kwambiri. Anatiuza kuti sabata yapitayo anagula rediyeta yatsopano, ndipo vuto la kutentha kwa injini linatha.

Titasiya msewu wa M1 tinayamba kukwera zitunda. Posakhalitsa tinangomva kuti phu! Nthunzi inayamba kutuluka ku boneti. Woyendetsa anati, "Musade nkhawa, tikaima pamwamba pa chitundachi." Koma pamwambapo sitinafikepo. Injini inazima yokha.

Itazizira tinasuzumiramo. Rediyeta inali yatsopano ndithu, yonyezimira. Koma cha m'munsi mwake munali kabowo, ndipo madzi onse anali atatulukira pamenepo. Mwini galimoto anagwira pakamwa. Anati, "Kabowo aka kanalibe ntchito. Rediyeta yakale inalibe kabowo kotere. Ndiye tinangosema kamtengo, n'kukakulunga pepala la pulasitiki, n'kukhomerapo basi."

Usiku umenewo kunagwa mvula. Tinagona pa msewu, ndipo matumba ena a feteleza ananyowa. Galimotoyo inakhala pa galaja miyezi itatu, chifukwa mutu wa injini unapindika ndi kutentha. Ndalama zokonzetsera zinaposa mtengo wa rediyeta ija kangapo. Chikhalirecho chotsekera choyenera chikanagulidwa ndi ndalama zochepa zedi.

Ntchito ya rediyeta

Munthu akamalima pa dzuwa amatuluka thukuta. Thukutalo limaziziritsa thupi. Injini nayo imatentha, chifukwa mkati mwake mumayaka petulo kapena dizilo. Koma injini ilibe thukuta. Chimene chimaiziziritsa ndi madzi.

Madziwo amazungulira. Pampu imawakankha kuti adutse m'tinjira ta mkati mwa injini. Kumeneko amatenga kutentha. Kenaka amapita ku rediyeta kudzera m'paipi yaikulu ya mphira ya pamwamba. Rediyeta ili ndi timapaipi tambirimbiri topyapyala. Mukaiyang'ana imaoneka ngati chisa cha njuchi. Mphepo ikamadutsa pa timapaipito madzi amazizira, ndipo amabwerera ku injini kudzera m'paipi ya pansi. Galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, fani ndiyo imapemerera mphepo.

Madziwa si ambiri ayi. M'galimoto yaing'ono mumalowa malita 5, 6 kapena 7 okha. Safika ngakhale theka la ndowa ya malita 20. Akapeza bowo lolowa chala, amatha pa mphindi zowerengeka.

Tsono mvetsani ichi. Madzi a m'rediyeta sakhala phee ngati a mu mtsuko. Amakhala otentha ndiponso opanikizika. Munaonapo thobwa litasasa m'chigubu chotseka? Chigubucho chimafufuma, ndipo mukatsegula thobwa limatuluka mwamphamvu. M'rediyeta mumakhalanso chimodzimodzi injini ikatentha.

Pamwamba pa rediyeta pali chivindikiro. Pa chivindikirocho analembapo nambala. Pa magalimoto ambiri a ku Japan mupeza 0.9 kapena 1.1. Nambalayi ikunena za mphamvu imene madzi amakankhira mkatimo. Tanthauzo lake ndi lakuti pa kamalo kalikonse kofanana ndi chikhadabo chanu, madzi amakankha ndi mphamvu yonga kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu 1.

Kodi anachitiranji zimenezi? Madzi a mu mphika wosavindikira amawira pa madigiri 100 ku malo otsika a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ku malo okwera amawira msanga. Pa malo okwera mamita 1,500 amawira pa madigiri 95. Kwathu kuno ku Lizulu ndi ku Tsangano ndi kokwera. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pa madigiri pafupifupi 90, ndipo pa chitunda amatentha kuposa pamenepo. Mukuona kuti malire ali pafupi. Koma madzi akapanikizidwa sawira msanga. M'rediyeta yotsekeka bwino amatha kufika pafupifupi madigiri 120 asanawire.

Chotero bowo pa rediyeta limaononga pawiri. Limataya madzi. Limathanso mphamvu ija ya mkati, ndipo madzi otsalawo amawira msanga.

Nanga bowo lotsala limachokera kuti?

Magalimoto ambiri amene tikuona pa misewu ya Malawi anayamba ayenda ku Japan. Ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe ku Karonga. Mayina ake mumawadziwa: Toyota Hiace, Sienta, Probox, Nissan Vanette, Mazda Bongo, Mitsubishi Canter ndi ena. Amafika kuno atayenda kale zaka zingapo.

Kale marediyeta ankapangidwa ndi mkuwa. Ikabooka, munthu ankangopita nayo kwa wootcherera. Kuyambira cha m'ma 1980, magalimoto ambiri anayamba kubwera ndi rediyeta ya aluminiyamu, chitsulo chopepuka chonga cha mapoto, yokhala ndi mathanki awiri a pulasitiki. Pulasitiki ikakalamba imang'aluka, ndipo siotchererekanso bwino. Pamenepo mwini galimoto amafuna rediyeta ina.

Rediyeta yochokera ku kampani imene inapanga galimotoyo imadula, ndipo nthawi zina imasowa. Tsono anthu ambiri amagula yopangidwa ndi makampani ena, imene imapezeka m'masitolo a masipeya ku Lilongwe, ku Limbe kapena pa boma. Makampani amenewa amapanga rediyeta imodzi yoti ikwane pa magalimoto angapo. Taganizani za lamba wa m'sitolo. Amakhala ndi mabowo ambiri kuti akwane munthu wonenepa ndi woonda yemwe. Rediyeta yotereyi ili chimodzimodzi. Ili ndi malo olumikizira zinthu za magalimoto osiyanasiyana. Galimoto yanu igwiritsa ntchito ena, ena atsala.

Bowo lotsala silitanthauza kuti anakugulitsani chinthu choipa ayi. Koma pali kusiyana ndi lamba uja. Bowo lotsala pa lamba silivuta kanthu. Bowo lotsala pa rediyeta limafuna kutsekedwa bwino.

Yambani mwafunsa

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanatseke bowo lililonse, dziwani ntchito yake.

Musanachotse rediyeta yakale, ikani chizindikiro pa paipi iliyonse ndi pa waya aliyense. Kulemba mumadziwa tsopano. Lembani 1, 2, 3 pa timapepala ndipo mumate pa mapaipiwo. Ngati pali foni yojambula, jambulani.

Mukachotsa, gonekani rediyeta yakale ndi yatsopano pamodzi pa mphasa kapena pa katoni. Werengani mabowo a iyi ndi a iyo. Yakale ikakhala ndi asanu ndipo yatsopano ndi asanu ndi limodzi, ndiye kuti limodzi ndi lotsala. Koma yatsopano ikaperewera bowo, moti paipi ina ya galimoto yanu ikusowa polowa, musaiike. Bwererani nayo ku sitolo. N'chifukwa chake muyenera kusunga lisiti.

Musachite manyazi kufunsa wogulitsa kuti, "Achimwene, bowo ili ndi la chiyani? Chotsekera chake muli nacho?" Kawirikawiri zotsekera zimapezeka m'sitolo momwemo.

Mabowo ang'onoang'ono a pa rediyeta alipo a mitundu inayi.

Loyamba ndi kapaipi ka pakhosi. Kali m'munsi mwenimweni mwa chivindikiro. Aka MUSATSEKE. Madzi akatentha amafufuma. Mphamvu ikapitirira nambala ija ya pa chivindikiro, chivindikirocho chimatsegula njira, ndipo madzi ena amatulukira pa kapaipika kupita m'kabotolo ka pambali. Injini ikazizira madziwo amabwerera. Mukatseka kapaipi aka, mphamvu isowa kotulukira. Iphulitsa paipi ya mphira kapena kung'amba thanki.

Achiwiri ndi timapaipi tiwiri tofanana, timene timakhala pansi kapena m'mbali mwa rediyeta. Iti si ta madzi ayi. Ndi ta mafuta a giyabokosi a galimoto yosintha yokha magiya, imene timati otomatiki. Mafutawo amalowa pa kamodzi, amadutsa m'kanjira kawokawo mkati mwa thanki kuti azizire, n'kutulukira pa kenako. Ngati galimoto yanu ndi ya otomatiki, timapaipiti tiyenera kulumikizidwa. Ngati ndi ya magiya a pamanja, tilibe ntchito. Ingotivekani tizipewa ta mphira kuti fumbi lisalowe. Madzi sayenera kutuluka pamenepa. Akatuluka, ndiye kuti rediyetayo ndi yoonongeka mkati. Ibwezeni.

Lachitatu ndi bowo lokhala ndi timizere tozungulira mkati, tonga ta mu nati, timene timati mazinga. Awa ndi malo a switchi imene imamva kutentha kwa madzi ndi kuyatsa fani. Magalimoto ena switchiyi ili pa rediyeta, ena ili pa injini. Ngati rediyeta yanu yakale inali ndi switchi ya waya, isamutsireni pa yatsopano. Ngati inalibe, bowolo ndi lotsala. Apa pamatuluka madzi, ndipo payenera kutsekedwa.

Lachinayi ndi kapaipi ka madzi kamene kanapangidwira galimoto ya mtundu wina. Galimoto yanu ilibe paipi yoti ilowe pamenepo. Napanso pamatuluka madzi, ndipo payenera kutsekedwa.

Ngati mukukayikabe, yesani motere muli awiri. Mnzanu atseke mabowo aakulu ndi zikhatho. Inu thirani madzi oyera pamwamba mpaka adzaze. Onani pamene akutulukira. Pamenepo ndiye pofuna chotsekera champhamvu.

Pansi pa rediyeta palinso kachotsekera kokhuthulira madzi. Kamabwera kali pomwepo. Onetsetsani kuti ndi komangika, ndiponso kuti kamphira kake kalipo.

Zinthu zosayenera kutsekera

Rediyeta yatsopano imabwera ndi tizipewa ta pulasitiki yopyapyala pa mabowo ake. Tina ndi tofiira, tina tachikasu. Musanamizike nato. Ntchito yake ndi kuletsa fumbi pamene rediyeta ili m'katoni. Madzi otentha sitingawagwire.

Kamtengo kosema ndi chitsononkho ndi zabwino potseka botolo la mafuta a nyale. Pa rediyeta sizikhalitsa. Zimavunda, ndipo galimoto ikamagwedezeka pa msewu wa mabampu zimasuntha pang'onopang'ono mpaka zitafwamphuka.

Sopo amasungunuka. Phula limasungunuka. Pepala la pulasitiki limafewa. Mphira ya chubu cha njinga imatamuka ikatentha. Sanza imadutsa madzi. Guluu amagwira masiku oyamba, koma pa pulasitiki ya rediyeta amamatuka, ndipo sakuuzani tsiku limene adzamatuke.

Ena amathira ufa kapena dzira m'rediyeta kuti litseke podontha. Musatero. Zimenezi zimakatseka timapaipi topyapyala tija, ndipo rediyeta yatsopano imasanduka yakale.

Chotsekera chabwino chiyenera kupirira zinthu zitatu: kutentha, kukankha kwa madzi, ndi kugwedezeka kwa galimoto.

Katsekedwe ka bowo la mazinga

Bowo lotere limatsekedwa ndi bawuti yaifupi yotsekera. Amakaniko amaitcha pulagi, koma si pulagi ya moto ija ya pa injini ayi. Tsatani njira izi:

1. Pitani nayo rediyeta ku sitolo kuti mukayese konko. Mabowowa ndi osiyana kukula. Ena ndi a mamilimita 16, ena 22, ena pakati pake. Mazinga nawo ndi osiyana. Ena ndi othinana, ena otalikirana.

2. Sankhani bawuti ya mkuwa wachikasu kapena ya aluminiyamu. Ya chitsulo wamba imachita dzimbiri. Ikhale yaifupi, kuti isakagunde zinthu za mkati.

3. Ikani washala pa khosi la bawutiyo. Washala ndi kamphete ka mkuwa, ka aluminiyamu kapena ka mphira. Chimene chimaletsa madzi kudontha ndi kampheteka. Popanda iko, madzi amatsata mazinga n'kutuluka.

4. Yambani kumanga ndi zala. Bawuti yoyenera imazungulira kangapo mosavuta. Ikalimba poyambirira pomwe, lekani. Si yake imeneyo. Mukaikakamiza mudya mazinga, ndipo bowolo silidzatsekekanso.

5. Malizani ndi sipanala, koma modekha. Washala ikangokhala bwino, onjezerani pang'ono basi. Kumbukirani kuti thanki ndi ya pulasitiki kapena ya chitsulo chofewa. Mphamvu zolimira m'munda apa sizifunika.

Pali mabowo ena amene amanka nachepa mkati. Bawuti yake nayo ndi yochepa kunsonga. Amenewa safuna washala. Kulungani mazinga a bawuti ndi tepi yoyera imene amagwiritsa ntchito okonza mipope, kawiri kapena katatu. Siyani mzere woyamba wosakulunga, kuti tizidutswa ta tepi tisalowe m'madzi.

Bawuti yotsekera ikasowa, funsani pa galaja switchi yakale yokwana pa bowolo. Ngakhale ikhale yakufa, imatseka bwino, bola ikhale yosang'aluka. Imangeni ndi washala watsopano, ndipo musalumikize waya.

Katsekedwe ka kapaipi kotsala

Kapaipi kalibe mazinga. Kali ndi kamlomo kotukuka kunsonga. Njira zotsekera zilipo zitatu.

Njira yoyamba ndi kachipewa ka mphira yochindikala, kopangidwira madzi otentha a galimoto. Kavekeni mpaka kafike kumapeto. Kenaka mangani ndi kachitsulo komangira paipi, kamene amakaniko amati kilampu. Kilampu ikhale kuseri kwa kamlomo kotukuka kaja. Kachipewa kopanda kilampu kamavuka. Kachipewa kopyapyala kamang'aluka msanga.

Njira yachiwiri ndi iyi, ndipo ndi yolimba:

1. Pezani kachidutswa ka paipi ya mphira ya madzi otentha a galimoto, kotalika ngati chala chanu, masentimita 6 kapena 7. Paipi yothirira m'dimba siyenera.

2. Paipiyo ikhale yothina pa kapaipi ka rediyeta. Ilowe mochita kukankha. Kunyowetsa ndi madzi kumathandiza.

3. Mangani kilampu yoyamba kuseri kwa kamlomo.

4. Mbali inayo lowetsani bawuti yokwana bwino. Sankhani bawuti imene ili ndi mbali yosalala pafupi ndi mutu wake. Yosachita dzimbiri ndiyo yabwino koposa.

5. Mangani kilampu yachiwiri pa mbali yosalalayo. Mukamanga pa mazinga, madzi apeza njira.

6. Onani kuti kachidutswako sikakukhudza fani kapena lamba wa injini.

Musamange ndi waya m'malo mwa kilampu. Waya amadula mphira. Ndipo pomanga kilampu pa kapaipi ka pulasitiki musapyoze muyeso, kangathyoke.

Njira yachitatu ndi kuotcherera. Imatheka ngati rediyeta yonse ndi ya aluminiyamu kapena ya mkuwa. Iyi ndi ntchito ya mmisiri wodziwa marediyeta, chifukwa chitsulo chake ndi chopyapyala ndipo sichichedwa kubooka. Ganizani bwino musanatero, popeza mukaotcherera simudzatsegulanso.

Yesani musananyamuke ulendo

Kuthamanga si kufika. Musamange rediyeta madzulo n'kupakira matumba m'mawa mwake musanayese.

1. Thirani madzi pang'onopang'ono pamodzi ndi mankhwala a m'rediyeta amene timati kulanti. Mankhwalawa amaletsa dzimbiri. Werengani pa botolo. Ena ndi osungunula kale. Ena amafuna kusakaniza, kawirikawiri theka mankhwala theka madzi. Madzi akhale oyera. A mvula osefa bwino aposa a pa mjigo wa mchere, amene amasiya zoyera zonga za mu ketulo.

2. Injini ili yozizira, ilizeni kwa mphindi zochepa chivindikiro chili chotsegula, kuti mpweya utuluke. Madzi akatsika onjezerani. Kenaka tsekani chivindikiro. Thiraninso m'kabotolo ka pambali mpaka pa mzere wake.

3. Yalani katoni youma pansi pa galimoto. Isiyeni injini ilire mpaka paipi ya pamwamba itenthe. Manja, malaya ndi chitenje zikhale kutali ndi fani. Fani ya magetsi imayamba yokha mosachenjeza.

4. Zimitsani injini. Yang'anani pa chotsekera chanu ndi pa katoni. Pasakhale ngakhale dontho limodzi.

5. Yendani kaulendo kakafupi opanda katundu. Kwerani chitunda chimodzi. Maso akhale pa geji ya kutentha.

6. M'mawa mwake, injini ili yozizira, onani ngati madzi atsika. Mangitsaninso makilampu pang'ono, chifukwa mphira ikatentha koyamba imafwefwera.

Kuyambira pamenepo, yang'anani chotsekeracho nthawi zonse pamene mukuona oilo. Mphira ikayamba ming'alu, ikauma gwa, kapena ikatupa, sinthani. Musadikire kuti iphulike.

Machenjezo awiri

Choyamba: musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi ake amatha kukhala otentha kuposa a mu mphika wowira. Mukatsegula amatumphuka ndi nthunzi, ndipo amasupula khungu la kumaso ndi m'manja. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pa balalo kwa mphindi 20, ndipo mupite naye ku chipatala. Musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano.

Chachiwiri: mankhwala a kulanti ndi poizoni. Ali ndi mtundu wokongola, wobiriwira kapena wofiira, ndipo amatsekemera. Mwana angayese chakumwa. Agalu ndi amphaka amanyambita akatayika pansi. Amaononga impso ndipo amapha. Musawasunge m'botolo la zakumwa. Musawatayire pafupi ndi chitsime kapena mu mtsinje. Mwana akamwa, thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka bwino. Tengani botololo kuti adokotala akaone.

Zikavuta pa njira

Mukaona nthunzi, kapena geji ikakwera kufika pofiira, patukani ndi kuzimitsa injini pomwepo. Musanene kuti, "Tikaima pamwamba." Mawu amenewa ndiwo anapha injini ija ya ku Tsangano.

Dziwaninso ichi. Madzi akatheratu, geji nthawi zina imatsika, chifukwa kachipangizo kake kamayeza madzi, ndipo madziwo palibe. Woyendetsa amayesa kuti zakhala bwino, pamene injini ikupsa.

Dikirani mphindi 30 kapena kuposa, mpaka muthe kugwira paipi ya pamwamba ndi dzanja. Musathire madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri, chitsulo chingang'aluke. Ikazizira, tsegulani chivindikiro pang'onopang'ono ndi nsalu yochindikala, nkhope ili kumbali.

Woyendetsa wanzeru amasunga m'galimoto chigubu cha madzi cha malita 5, kachidutswa ka paipi ya mphira, makilampu awiri, bawuti ndi sikuludiraiva. Zinthu zimenezi sizidya malo. Ndi zimenezi angathe kutseka bowo pa msewu pomwepo.

Inunso wokwera muli ndi pakamwa. Mukaona nthunzi nenani mwaulemu kuti, "Adalaivala, taimani tione." Katundu ali m'galimotomo ndi wanu, ndipo moyo ndi wanu.

Kumbukirani

Rediyeta yogula kwa makampani ena imatha kukhala ndi bowo lotsala. Zimenezi si zachilendo.

Dziwani ntchito ya bowo musanalitseke.

Kapaipi ka pakhosi, kopita ku kabotolo, sikatsekedwa.

Bowo la mazinga limafuna bawuti yake ndi washala.

Kapaipi kotsala kamafuna mphira yochindikala ndi kilampu.

Kamtengo, chitsononkho, sopo ndi pulasitiki si zotsekera rediyeta.

Yesani galimoto isananyamule katundu.

Mafunso okambirana

1. Kodi rediyeta imagwira ntchito yanji pa galimoto?

2. Chifukwa chiyani rediyeta yatsopano imatha kukhala ndi bowo lotsala?

3. Ndi kapaipi kati kamene sitiyenera kutseka? Chingachitike n'chiyani tikatseka?

4. Mnzanu watseka bowo la rediyeta ndi chitsononkho. Mumuuza chiyani?

5. Tchulani zinthu zinayi zimene woyendetsa ayenera kusunga m'galimoto.

Ntchito yoti muchite

Pemphani munthu amene ali ndi galimoto kwanuko kuti akutsegulireni boneti m'mawa, injini isanalire. Pezani rediyeta. Werengani nambala ya pa chivindikiro ndipo muilembe m'kope lanu. Pezaninso kapaipi ka pakhosi, ndipo mutsate paipi yake ndi chala mpaka pa kabotolo. Mukadzakumana ndi anzanu, mufananitse manambala amene mwapeza.